Bwana wandipatsa mndandanda wa zofuna zake: kodi ma requirements ndi amenewa?

Mayi wina wa ku Lilongwe walemba kufunsa motere: "Ndakhala ndikugwira ntchito yotsatsa malonda pa kampani ina yaing'ono yobwereketsa ndalama. Posachedwapa andikweza kukhala product manager, ndipo ntchito yanga yoyamba ndi kutsogolera kupanga pulogalamu ya pafoni yoti magulu a banki mkhonde azisungiramo kaundula wa ndalama zawo. Bwana wamkulu wandipatsa pepala la zomwe akufuna: kutsegula ndi chala, zithunzi zoonetsa mmene ndalama zikukwerera, malo oti mamembala azichezerapo, kulipira kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba, ndi zina zambiri. Anyamata a kompyuta akuti sangayambe ndisanawapatse ma requirements, kutanthauza zofunika zomwe pulogalamuyo iyenera kukwaniritsa. Kodi ndingolemba bwinobwino zomwe bwana wanenazo n'kuwapatsa? Udindo wanga weniweni ndi uti?"

Mayi, musangokopera. Mukatero ndiye kuti mwasanduka kalaliki wa bwana, pomwe sanakukwezereni zimenezo. Pepala akupatsanilo ladzaza ndi mayankho, koma silikunena vuto lomwe mayankhowo akuthetsa, kapena mwini wake wa vutolo. Udindo wanu wagona pamenepo: kudziwa kuti mukuthetsa vuto la ndani, kusankha zomwe zipangidwe poyamba ndi zomwe zisiyidwe, kenako kulemba zomwe mwasankhazo momveka kuti wopanga pulogalamu asamachite kulota. Za mmene chinthucho achimangire mkatimo ndi komwe asunge deta, asiyireni anyamatawo. Za masiku, bajeti ndi kukumbutsa anthu ntchito ndi za project manager, ngakhale pa kampani yaing'ono zonsezi zimagwera munthu mmodzi, ndipo ndikuganiza kuti zikugwerani inu.

Ndiyambe ndi M-Pesa ya ku Kenya, chifukwa inabadwira pa ntchito yofanana kwambiri ndi yanuyi. Ambiri timaidziwa ngati njira yotumizira ndalama, yomwe inatsogola Airtel Money ndi Mpamba zisanafike kuno, koma sinapangidwire zimenezo. Nick Hughes wa kampani ya Vodafone anapeza thandizo la ndalama kuchokera ku DFID, nthambi ya boma la Britain yomwe inkaona za chitukuko cha maiko ena, kuti ayese njira yoti anthu otenga ngongole zing'onozing'ono azilandira ndi kubweza ngongolezo kudzera pa foni. Mu October 2005 anayamba kuyesa ndi makasitomala mazana ochepa a bungwe lobwereketsa ndalama la Faulu Kenya, ena mwa iwo a m'tauni ya Thika, ndipo yemwe ankayendetsa ntchitoyo ku Nairobi anali Susie Lonie. Zomwe anakonza poyambapo zinali za ngongole basi.

Anthu atachilandira m'manja chinthucho anachita nacho zawozawo. Wina ankalipirira mnzake ngongole. Wamalonda ankaika ndalama madzulo n'kukazitapa mmawa kuti asagone nazo m'nyumba. Wapaulendo ankaika ndalama asanakwere galimoto n'kukazitapa atafika. Ena ankagulira abale awo akumudzi mayunitsi. Mbali ya ngongole ija nayo inavuta. Kugwirizanitsa kaundula wa Faulu ndi wa pa foni inali ntchito yolemetsa, komanso anthu ena atazindikira kuti angathe kubweza ngongole ali kunyumba anayamba kujomba ku misonkhano ya sabata ndi sabata, pomwe ngongole za m'magulu zimadalira misonkhano imeneyo. Pomwe kampani ya mafoni ya Safaricom inkakhazikitsa M-Pesa mu March 2007, za ngongole anali atazichotsamo. Uthenga wake unali umodzi womveka kwa aliyense, woti tumizani ndalama kumudzi, ndipo chaka chisanathe olembetsa anali atapitirira 1 miliyoni.

Omwe analemba ndondomeko yoyamba ija sanali opusa. Anali anthu anzeru omwe anaganiza bwino ali muofesi, ngati mmene bwana wanu waganizira. Chomwe chinawapulumutsa n'choti anayang'anitsitsa zomwe anthu ankachita, ndipo analimba mtima kuchotsa chinthu chomwe anapemphera ndalama poyamba. Mfundo ya kujomba ku misonkhanoyo muisunge, chifukwa ikukhudza mzere wa Airtel Money ndi Mpamba womwe uli pa pepala lanu.

Zopita kukaona wekha si nzeru ya lero. Ambiri amati ntchito yanuyi inayambira pa kalata yomwe Neil McElroy wa kampani ya Procter & Gamble analemba mu May 1931, nthawi yomwe ankatsatsa sopo wa Camay. Anapempha kuti mtundu uliwonse wa katundu ukhale ndi munthu wakewake wouyang'anira, ndipo komwe malonda sakuyenda, munthuyo azipita yekha kukafufuza chomwe chavuta.

Choncho musanalembe chilichonse, kakhaleni pa misonkhano ya magulu. Musatenge a m'tauni okhaokha. Gulu la amayi ogwira ntchito m'maofesi ku Area 47 silifanana ndi la kwa Chinsapo, ndipo onsewo safanana ndi la ku Mitundu kapena ku Nathenje. Mukafika musafunse kuti kodi mungakonde pulogalamu yotere. Kwathu kuno mlendo wovala bwino akafunsa choncho timayankha kuti eya, mwina chifukwa cha ulemu, mwina poganiza kuti kumapeto kwake kuli ngongole kapena thandizo. Funsani za zomwe zinachitika kale. Pogawana chaka chathachi, masamu anatenga maola angati ndipo anawerengera ndani? Ndi liti pomwe munasemphana mawu chifukwa cha ndalama, ndipo munathetsa bwanji? Kope likanyowa kapena mlembi akasamuka, mumatani? Munthu anganame pa zomwe adzachite mawa osadziwa n'komwe kuti akunama, koma mkangano wa chaka chatha amaukumbukira mpaka kwacha yomaliza.

Pamene akuyankha, maso anu akhale pa manja awo. Magulu omwe amatsata ndondomeko yomwe bungwe la CARE linayambitsa ku Niger mu 1991 amakhala ndi bokosi lachitsulo la maloko atatu. Makiyi ake amasunga anthu atatu osiyana, ndipo bokosilo limagona kwa munthu wina yemwe alibe kiyi. Ndalama amawerenga pamaso pa onse. Membala amagula masheya kuyambira 1 mpaka 5 pa msonkhano umodzi, ndipo amamudindira m'kabuku kake iye akuona. Zonsezi cholinga chake n'chimodzi, choti pasakhale munthu yemwe angakhudze ndalama kapena kaundula ali yekha. Tsopano taganizirani pulogalamu ya pa pepala la bwana, yomwe ikukhala pa foni ya mlembi n'kumatsegulidwa ndi chala chake. Pamenepo mlembi wapatsidwa mphamvu zomwe gululo linakana dala kupatsa munthu mmodzi. Palibe membala yemwe angakuuzeni zimenezi mutamufunsa zomwe akufuna, chifukwa kwa iye n'zodziwikiratu moti saganiza zozitchula. Koma mukazinyalanyaza, gulu lidzalandira pulogalamuyo mwaulemu n'kupitiriza kulemba m'kope.

Chofunika choyamba chomwe mungalembe chingakhale chotere: zomwe zalembedwa pa msonkhano zisasinthidwe popanda chilolezo cha anthu osachepera awiri osankhidwa ndi gulu, ndipo membala aliyense alandire uthenga wa pafoni womuuza masheya ake ndi ngongole yake msonkhano ukangotha. Taonani kuti sindinatchule batani, mtundu wa sikirini kapena chala. Ndanena chomwe chiyenera kutheka. Kaya chilolezocho chidzakhala nambala yachinsinsi, kaya uthenga wotsimikizira, anyamata a kompyuta pamodzi ndi wojambula maonekedwe a pulogalamu ndiwo abwere ndi njira, inu muisankhe nawo. Kusiyana kwa chofunika ndi yankho kuli pamenepa, ndipo ma product manager atsopano ambiri amaterereka pomwepa, chifukwa kulemba kuti "pakhale batani lobiriwira" n'kosavuta kusiyana ndi kufotokoza chifukwa chake.

Pa kalembedwe, magulu ambiri opanga mapulogalamu amagwiritsa ntchito ziganizo zomwe amazitcha user stories, m'kaumbidwe komwe kanatchuka kuchokera ku kampani ya Connextra ya ku London mu 2001. Chiganizocho chimatchula munthu, chomwe akufuna, ndi chifukwa chake. Mwachitsanzo: ine monga mlembi wa gulu, ndikufuna kulemba masheya a membala aliyense ngakhale netiweki palibe, kuti msonkhano usaime. Mbali yachitatuyo, ya chifukwa, ndi yomwe anthu amaidumpha, pomwe ndi yomwe imathandiza wopanga pulogalamu kusankha bwino inu mulibe. Pansi pa chiganizo chilichonse lembani mmene mudzadziwire kuti chatheka. Mawu ngati "yachangu", "yosavuta" kapena "yotetezeka" sangayesedwe, ndipo amabala mkangano tsiku lolandira ntchito, inu mukuti ikuchedwa iwo akuti ikuthamanga. M'malo mwake lembani kuti mlembi yemwe waphunzitsidwa kamodzi athe kulemba msonkhano wa anthu 25 pa mphindi zosapitirira 15, pa foni ya Android yotsika mtengo, deta itazimitsidwa. Manambalawo ndangopereka chitsanzo, anu enieni muwatenge ku magulu omwe mwawayendera. Chachikulu n'choti munthu wina angatenge foni ndi wotchi n'kuyesa.

Komwe kuli ntchito yambiri, komanso komwe ndimadziwira ngati product manager wakhwima, ndi pa masiku oipa. Aliyense angalembe za msonkhano woyenda bwino. Koma membala akamwalira pakati pa chaka ali ndi ngongole komanso masheya? Akachoka m'gulu nthawi yogawana isanakwane? Wina akabweza ngongole moperewera ndi K500, zotsalazo ziberekenso chiwongoladzanja kapena ayi? Nanga chiwongoladzanjacho, gulu likati 20 pa 100 iliyonse, likutanthauza pa mwezi kapena pa ngongole yonse, ndipo chikuwerengedwa pa ndalama yomwe munthu anatenga kapena pa yomwe yatsala? Magulu amasiyana pa zimenezi, lililonse lili ndi malamulo ake, choncho muyenera kusankha ngati pulogalamuyo ilole gulu kuika malamulo akeake kapena ikakamize onse kutsata njira imodzi. Pogawana, masamu akatulutsa matambala oti sangagawike, apite kuti? Thumba la zadzidzidzi, lija lothandizira pa maliro ndi matenda, lisasakanikirane ndi masheya. Foni ya mlembi ikabedwa, kapena ikakhala kuti ndi ya amuna ake ndipo apita nayo ku Joni, kaundula apezeka bwanji? Funso lililonse lomwe simuliyankha, wopanga pulogalamu adzaliyankha yekha usiku, mongoganizira, ndipo inu mudzadziwa yankho lake tsiku lomwe amayi akukangana pogawana mu December.

Pali zofunika zinanso zomwe sizichokera kwa ogwiritsa ntchito kapena kwa bwana, koma ku malo omwe tikukhala. Mamembala ambiri akumudzi ali ndi foni za mabatani, ena alibiretu. Ngati mukufuna kuti aliyense azidzionera yekha ndalama zake, mwina njira ndi SMS kapena USSD, njira ija yoyamba ndi nyenyezi n'kuthera ndi hashi. Uthenga umodzi wa USSD sungapitirire zilembo 182, ndipo munthu akachedwa kuyankha umaduka. Chichewa chili ndi mawu ataliatali, moti chiganizo chokwana bwino m'Chingerezi chimasefukira chikamasuliridwa. Lembani kuyambira pachiyambi kuti mauthenga onse ayambe kulembedwa m'Chichewa, ndipo ngati kampani ili ndi magulu kumpoto kapena ku Mangochi, funsani msanga za Chitumbuka ndi Chiyao. Ganizirani za bandulo: ndani azilipira? Za magetsi: foni ikazima pakati pa msonkhano, zomwe zalembedwa kale zisatayike.

Malamulo nawo ndi ma requirements, ndipo awa sakambirana. Kusunga kaundula ndi nkhani ina, kusunga kapena kusuntha ndalama za anthu ndi inanso. Mukangolowa m'zolipira, mwalowa m'dera la Reserve Bank of Malawi ndi lamulo la Payment Systems Act la 2016. Mayina, manambala a foni ndi mbiri ya ngongole za mamembala zikutetezedwa ndi Data Protection Act ya 2024, yomwe bungwe la MACRA ndilo likuyang'anira. Kakhaleni pansi ndi loya wa kampani sabata ino, osati pulogalamu itatha.

Tsopano pepala la bwana lija. Musalitaye, ndipo musapite kukawauza kuti alakwitsa. Khalani nawo pansi n'kufunsa mzere uliwonse kuti ukuthandiza ndani kuchita chiyani. Ine ndikuganiza kuti mukafunsa bwino mupeza kuti cholinga chenicheni sichinalembedwe pa pepalapo. Kampani yobwereketsa ndalama sipangira magulu pulogalamu yaulere chifukwa cha chifundo. Mwachidziwikire ikufuna kuona kuti ndi magulu ati omwe amasunga ndi kubweza bwino, kuti iwabwereke ndalama. Palibe cholakwika ndi cholinga chimenecho, koma chiyenera kulembedwa pamwamba penipeni, chifukwa chimasintha zambiri. Chikutanthauza kuti kulondola kwa kaundula n'kofunika kuposa kukongola kwa zithunzi. Chikutanthauzanso kuti gulu liyenera kuuzidwa momveka, m'chilankhulo chake, kuti kampani idzaona chiyani, ndi kupatsidwa mwayi wokana. Apa zofuna za kampani ndi za amayi aja zingathe kusemphana, ndipo m'chipinda chomwe mukukambiranacho amayiwo mulibe. Wowalankhulira ndinu.

Mukadziwa cholinga, kusanja kumaphweka. Njira yomwe ambiri amagwiritsa ntchito ndi ya MoSCoW, yomwe Dai Clegg anayambitsa mu 1994 akugwira ntchito ku kampani ya Oracle. Imagawa zinthu panayi: zomwe popanda izo chinthucho sichingatuluke, zofunika koma zoti zingadikire pang'ono, zabwino kukhala nazo ngati nthawi ilipo, ndi zomwe sizipangidwa ulendo uno. Vuto lake n'loti aliyense amafuna zake zilowe m'gulu loyamba. Muyeso wanga ndi wouma: ngati chinthuchi kulibe, kodi gulu lingathe kumaliza chaka chonse, kuyambira msonkhano woyamba mpaka kugawana, osabwerera ku kope? Ngati lingathe, si cha gulu loyamba. Malo ochezerana agwera panja pomwepo, chifukwa omwe ali ndi foni zamakono ali kale pa WhatsApp ndipo simungawachotseko. Zithunzi za ndalama zidikire. Kulipira pa foni ndiko kovuta kukana chifukwa kumamveka kwamakono, koma kumabweretsa nkhani ya malamulo ija, ndalama zomwe amadula potumiza ndi potapa, mapangano ndi makampani a foni omwe amatenga nthawi, ndi funso lomwe Faulu inakumana nalo loti anthu azibwerabe ku msonkhano kapena ayi. Ine ndikanaika pa ulendo wachiwiri, nditaona kaye mmene magulu akuchitira ndi kaundula yekha. Paja amati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Gulu lachinayi lija, la zomwe sizipangidwa, mulilembe pa chikalata chomwecho, chilichonse ndi chifukwa chake. Zikapanda kulembedwa zimabwerera pa msonkhano uliwonse ngati kuti sizinakambidwepo.

Chikalatacho chikhale chotalika bwanji? Zikudalira omwe akupanga. Ngati anyamatawo ndi a pa kampani panu ndipo mumaonana tsiku lililonse, masamba ochepa akwana, zina muzikambirana ntchito ili mkati. Ngati mwalemba ganyu kampani yakunja pa mtengo womwe mwagwirizana kale, lembani mwatsatanetsatane, chifukwa chilichonse chomwe mulibe m'chikalata adzakulipiritsani padera, ndipo adzakhala akulondola. Mudzamva ena akuti ife timatsata Agile, njira yopangira pulogalamu m'zigawo zing'onozing'ono, choncho sitilemba zambiri. Anthu 17 omwe analemba mfundo za Agile atakumana ku Snowbird m'chigawo cha Utah ku America mu 2001 ananena kuti pulogalamu yogwira ntchito ndi yofunika kuposa zikalata zochuluka, koma sananene kuti musalembe. Nthawi zambiri wonena zimenezo amakhala akuthawa ntchito yoganiza. Chomwe ndimakonda pa mwambo wa kampani ya Amazon n'choti asanayambe kupanga chinthu amalemba kaye chikalata chachifupi ngati cholengeza kwa atolankhani, chofotokoza kuti chinthucho n'cha ndani ndipo chikumuthandiza chiyani. Yesani kulemba chanu m'Chichewa, mwa njira yoti wapampando wa gulu angachiwerenge pa msonkhano anthu n'kumva. Mukaona kuti chikukanika, vuto si kalembedwe, koma kuti simunasankhebe chomwe mukupanga.

Musalembe nokha n'kukaponya chikalata pa desiki la anyamatawo. Tengani mmodzi wa iwo popita ku magulu, akaone yekha mlembi akulimbana ndi kalikuleta pa dzuwa. Aonetseni zomwe mwalemba zisanathe, chifukwa adzakuuzani kuti chinthu chomwe mumachiyesa chaching'ono chingatenge miyezi, ndipo china chomwe mumachiopa n'cha masiku awiri. Kuyerekeza nthawi ndi kwawo, musawalembere. Musanalole kuti ayambe kumanga, jambulani masikirini pa pepala n'kukapatsa alembi angapo kuti ayese kulemba msonkhano wongoyerekeza. Pepala n'lotchipa kuling'amba.

Lembaninso mmene mudzadziwire kuti zayenda. Chiwerengero cha omwe atsitsa pulogalamu pa foni chimakondweretsa mabwana koma sichinena kanthu, chifukwa alangizi a kampani angathe kuikira anthu pa foni popanda wogwiritsa ntchito. Muyeso wabwino ndi magulu omwe akulembabe misonkhano yawo patatha miyezi itatu, komanso omwe agawana pogwiritsa ntchito masamu a pulogalamuyo osawerengeranso pamanja. Muyeso wachiwiriwo umafuna chaka chathunthu, choncho bwana auzidwe lero kuti yankho lenileni silibwera mwezi wamawa.

Pobwerera kwa bwana, musatenge chikalata chonse. Tengani tsamba limodzi lokhala ndi cholinga monga mwachimvera, zomwe mwaona ku magulu m'mawu a mamembala eni ake, zomwe zipangidwe poyamba, ndi zomwe zidikire. Ngati mungathe, apempheni apite nanu ku msonkhano umodzi, chifukwa zomwe munthu wadzionera yekha sazitsutsa ngati mmene amatsutsira za pa pepala. Angathe kukakamirabe pa chinthu china, ndipo ndi ufulu wawo, kampani ndi yawo. Pamenepo funsani anyamata kuti chiwonjezera masabata angati, auzeni bwana chomwe chichoke kapena chichedwe kuti chimenecho chilowe, asankhe okha, ndipo chisankhocho muchilembe m'chikalata pamodzi ndi tsiku lake.